Jekete la Adadi, Musakhudze

Lolemba

M'mawa. Lero sindikupita kuntchito kufamase. Ndimati ndichape makatani, koma Tadala, mwana wanga mmodzi yekhayo, wagula matikiti awiri a chiwonetsero cha zovala za m'mafilimu. Akuti ndi zenizeni, zomwe anavaladi anthu aja timawaonera pa TV. Kulipira kuti ukaone malaya a eni, eni akewo kulibe? Kwathu zimenezo ndi kaunjika, ndipo kumeneko amakulola kuyesa.

Takwera sitima ya Elizabeth line kuchokera pa Ilford, kuno ku London. Tadala maso pa foni mpaka potsika.

Masana. Ndabweza mawu anga! Mayo ine!

Mkati muli mdima, kuwala kuli pa zovala pokha. Chilichonse m'galasi mwakemwake, pa chidole chakechake. Anthu akuyenda monyang'ama, kulankhula monong'ona ngati pa siwa.

Zomwe ndaona ndi maso angawa:

- Diresi la mfumukazi ya m'sewero lathu lija, lomwe anavala tsiku lothamangitsa mwamuna wake. Chiuno chake ndi ntchafu yanga imodzi.
- Lupanga la msilikali uja anapha theka la mzinda. Ndi la labala!
- Chisoti chachifumu. Pulasitiki.
- Nsapato za mnyamata wamtali uja atsikana amamufera. Zili ndi chidendene chobisika mkati. Ndi wamfupi, anthu inu!
- Yunifomu ya mkulu wa sitima zapamadzi, mabatani a golide waliwali.
- Kapu ya tiyi, nayonso ndi kachikwangwani kake. Kapu!

Pa diresi paja ndaima mpaka anthu kundipempha kuti ndisunthe. Mikanda yonse ija yasokedwa pamanja, umodziumodzi. Amene anasoka ameneyo Mulungu amupatse maso ena.

Galasi lomaliza: chikhoti cha munthu wothawa nkhondo wa m'filimu ina. Chong'ambika paphewa, matope mpaka m'mawondo. Kachikwangwani kakuti matopewo ndi opanga. Alipo anthu olembedwa ntchito yodetsa zovala! Amazinyika mu tiyi, kuzikhula ndi sandipepa ndi chopalira tchizi, kuzipaka utoto. Ntchito ya malipiro imeneyo. Bambo a Tadala akhala akuigwira ulere zaka zonsezi.

Tadala waima njo, foni m'thumba, misozi lengelenge. "Mum, it's the actual one."

Apa ndiye pandibaya. Mwana yemweyu, agogo ake akangoyamba nkhani ya momwe anathawira kuchoka ku Malawi, amakumbukira kuti ali ndi mayeso mawa.

Madzulo. Ndapeza nzeru!

Adadi ali nalo jekete. Lija anavala podutsa malire ku Mchinji wapansi, nthawi ya chipani chimodzi, atamva kuti dzina lawo latchulidwa. Ine ndinali kumsana kwa Amayi, tinawatsatira ku Lusaka pambuyo pake, kenako kuno. Lili ndi chibowo cha waya waminga paphewa, ndipo m'munsi mwake muli katondo wa ku Mchinji. Salola kuti lichapidwe. Amati ndi dothi lokhalo la kwawo lomwe ali nalo. Kumudzi sanabwererekonso. Poyamba anali mantha, kenako sukulu yathu, kenako "chaka chamawa". Pano adokotala awaletsa ndege chifukwa cha mtima.

Lamulungu likudzali kuli mapemphero othokoza kutchalitchi kwathu ku Tottenham, Adadi akwanitsa zaka makumi asanu ndi atatu. Zakudya zili ndi eni ake, kwaya ili ndi eni ake. Ine ndiika chiwonetsero! Ana onse a mumpingo, Tadala patsogolo, adzaime chete pamaso pa matope enieni, mwini wake ali moyo akuona.

Zofunika:

- jekete
- sutikesi yomwe anathawa nayo
- kawailesi komwe ankamverera nkhani zakumudzi
- nsapato za ulendowo
- chidole
- galasi
- timagetsi
- chingwe chofiira
- kachikwangwani: MUSAKHUDZE

Adadi asadziwe. Makatani adikire.

Lachiwiri

Tsiku lonse kufamase maganizo ali pa jekete. Kasitomala wafunsa mankhwala a chifuwa, ine ndikumuyang'ana kolala.

Poweruka, molunjika ku Tottenham. Adadi akuwodzera pampando wawo, nkhani za pa TV zikudziwerenga zokha. Ndakokera Amayi kuchipinda.

Sutikesi? "Ija inali ya makatoni, inasungunuka ndi mvula ya ku Matero, ku Lusaka kuja." Yomwe ili pamwamba pa wadiropu anaigula kumsika kuno, ili ndi matayala. Munthu sathawa boma akukoka sutikesi ya matayala. Yachoka pa mndandanda.

Kawailesi? Anabwereketsa m'bale wina wa mumpingo, amene anabwereketsa mlamu wake, amene anasamukira ku Leeds. Kachoka.

Nsapato? "Bambo ako anafika ku Chipata ndi nsapato imodzi." Nanga imodziyo ili kuti? "Iwe ukanaisunga?" Zachoka.

Latsala jekete.

Lili kumapeto kwa wadiropu, m'pulasitiki, kuseri kwa masuti opitira kumaliro. Ndalitulutsa ndi manja awiri. Lotuwa, lopapatiza. Adadi anali kamnyamata kowonda, abale! Chibowo chilipo. Katondo alipo, wouma, psuu. Batani limodzi palibe. Likununkha mankhwala a njenjete. Chikhoti cha dzulo chija, ndi magetsi ake onse, apa sichikufikapo.

Ndafotokoza pulani yonse. Amayi apinda manja.

"Ukufuna uliike pagulu? Lili chonchi? Pamaso pa amayi a mumpingo? Adzati mkazi wa munthuyu amagwira ntchito yanji m'nyumbamo?"

Ndikuwauza kuti litsirolo ndiye nkhani yake.

"Litsiro la m'wadiropu ndi la bambo ako. Likatuluka panja ndi langa."

Akuti ndisalitenge lero, Adadi angazindikire, chifukwa nthawi zina amatsegula wadiropu n'kuligwiragwira m'munsimo. Ndidzatenge Lachisanu. Ndawachonderera: osachapa, osasita, osasoka.

"Ndamva."

"Ndamva" wa Amayi ndimamudziwa. Amatanthauza kuti makutu akugwira ntchito, basi.

Lachitatu

Nthawi ya lanchi. Mwayi wanga! Sitolo ya zovala yoyandikana ndi famase ikutsekedwa, mwini wake wandipatsa chidole chaulere. Zovuta zake n'zochepa:

- chilibe mutu
- chili ndi mkono umodzi, nawonso waloza kumwamba
- n'chachikazi, ndipo sichikubisa

Madzulo ndakwera nacho basi. Ndachikulunga m'chitenje, miyendo ili panja. Gogo wina wachizungu wayang'ana miyendoyo, wayang'ana ine, wasamukira kumbuyo. Dalaivala: "Two fares, love?" Nthabwala za madalaivala ndimazidziwa, ndinakwatiwa ndi mmodzi.

Wangayo, bambo a Tadala, Mzambia wa ku Lusaka, watilandira pakhomo. "Manje imwe, uyu mulendo alibe mutu azagona kuti?" Achikhazika pa sofa, achipatsa rimoti. Akuti ndi mlendo woyamba m'nyumba muno amene satsutsa za mpira.

Galasi: ndaimba foni kufunsa mtengo, ndayankhidwa, ndatseka foni mwaulemu. Bambo a Tadala akuti ndisadandaule, mnzawo wa ku Woolwich ali nalo. Abwera nalo. Ndi losungiramo nsomba! Ndere zidakali m'makona, fungo lake la padoko. Mungakwane mkono umodzi wa jekete, ukapindidwa. Galasi lachoka pa mndandanda.

Timagetsi: tilipo ta Khirisimasi. Timaphethira, ndipo timaimba nyimbo ukatikhudza. Tidzaona.

Chingwe chofiira: riboni yotsala pa ukwati wa msuweni wanga. Ndi yapinki, koma mumdima ndani angadziwe?

Mtima suli m'malo ndi "ndamva" uja. Ndaimbira Amayi kufunsa ngati jekete lili bwino. "Lili bwino, likupereka moni."

Ayi, apa pakufunika nzeru. Kuwauza sikuthandiza, akaone okha. Mawa ndasinthana shifiti ndi mnzanga, ndiwatengera kuchiwonetsero kuja akaone kuti Azungu amaima pamzere, kulipira, kuti aone litsiro. Akuti abwera ndi Azakhali, mlongo wawo wa Adadi, amene sasiyidwa pa ulendo uliwonse wolipiriridwa.

Mawa ndiye mawa!

Lachinayi

Sitima ya Victoria line. Amayi ndi Azakhali atchena ngati akupita kuukwati, maduku atsopano. Chikwama cha Azakhali n'cholemera: fulasiki ndi mandasi. Pakhomo mlonda wawauza kuti kudya n'koletsedwa mkati. Amupatsa limodzi kuti adzadye akaweruka. Walandira!

Tangolowa, Azakhali andikoka mkono. "Eni ake onsewa anamwalira?"

Ndati ayi, ambiri ali moyo.

"Nanga bwanji awalanda zovala?"

Ndati ena ndiye anamwaliradi.

"Abale awo sanabwere kudzagawana?"

Ndati tiyeni tione diresi.

Diresi la mfumukazi lawagwira onse awiri. Kukamwa yasa! Inenso kachiwiri kano ndaona zomwe Lolemba sindinaone: timbalame tosokedwa m'munsimunsi, kumbuyo, pamalo pomwe kamera sinafikepo. Munthu anakhala pansi kusoka timbalame tomwe ankadziwa kuti palibe adzatione. Ndalikonda kuposa poyamba.

Azakhali akujambula kutsogolo, kumbuyo, manja, khosi. Akuti apititsa kwa telala wawo wa ku Woolwich, awasokere chomwecho koma m'chitenje. Za chiuno akuti akakambirana.

Lupanga la labala: Amayi aseka mpaka kugwira khoma. "Ndiye ine ndinkatseka maso chifukwa cha chimenechi?"

Chipinda chachiwiri. Mkanjo wina wa mfumu suli m'galasi, watchingidwa ndi chingwe chokha. Ndangotembenuka kamodzi. Wiii! Wiii! Alamu! Azakhali awerama, atukula m'munsi mwa mkanjo, akuyang'ana mkati. Mlonda akuthamanga, anthu atembenuka onse. "Ndimangoona mpendero, mwananga," akumuuza m'Chichewa, kenako akutembenukira kwa Amayi: "Anasoka bwino." Manyazi andigwira mpaka kuphazi. Mwamwayi ndi mlonda wa mandasi uja.

Pa yunifomu ya mkulu wa sitima Amayi aima nthawi yaitali, akugwedeza mutu. Mizere yakuthwa, mabatani waliwali, kansalu koyera m'thumba la pachifuwa. "Uyu ndiye ali ndi mkazi."

Tsopano chomwe tabwerera. Ndawaimika pa chikhoti chong'ambika chija. Ndawawerengera kachikwangwani, ndamasulira mawu onse. Ndawalozera anthu omwe aunjikana pamenepo, bambo wina akuchita kupukuta m'maso. Amayi ali chete, akuyang'ana. Chete weniweni. Mumtima ndikuti ndapambana!

"Mwaonatu Amayi, anthu onsewa abwerera matope."

"Ndaona. Koma taonanso iwe, palibe pomwe alemba dzina la mkazi wake. Kutchalitchi kuja dzina langa akulidziwa."

Ndati tiyeni tikamwe tiyi.

Tiyi ndi mandasi pabenchi panja, nkhunda zitatizungulira. Onse awiri akuti sanayendepo ulendo wokoma chonchi chibwerereni ku London, ndidzawatengenso. Zimenezo zandisangalatsa, sindinama. Pobwerera Amayi atsikira pamsika, akuti ali ndi kanthu kogula. Mwina ndi makandulo a keke.

Lachisanu

Madzi achita katondo, ndipo ulendo uno si mwambi.

Ndafika ku Tottenham poweruka. Amayi andilandira akumwetulira, anditsogolera kuchipinda, atsegula chitseko ngati akundionetsa mdzukulu watsopano. Jekete lili pabedi.

- Lachapidwa. Kawiri. "Koyambako madzi anafiira psuu."
- Lasitidwa. Mizere yake ungadulire nayo buledi.
- Chibowo chasokedwa mwaluso, moti sindikuchipeza.
- Mabatani akale onse achotsedwa. Aikapo a golide. Waliwali!
- M'thumba la pachifuwa muli kansalu koyera.
- Likununkhira maluwa.

Ndiye kuti dzulo anaphunziradi. Anangophunzira pa galasi lina.

"Pano ndiye likhoza kuonekera pagulu," akutero. "Zaka zonsezi ndakhala ndikudikira mpata."

Katondo wa ku Mchinji wapita m'mipope ya ku Tottenham.

Ndakhala pansi m'mphepete mwa bedi. Apa sindikuseka. Dothi limeneli linadutsa malire, linakwera ndege, lasamuka nafe nyumba zonse zomwe tinakhalamo, lili phee m'pulasitiki osaputa munthu. Ine ndi chiwonetsero changa ndalitha sabata isanathe. Amayi sindingawaimbe mlandu, ananena poyera kuti litsiro likatuluka panja ndi lawo. Wolitulutsa ndine.

Kuchokera pabalaza Adadi akuitana: "Amake Tadala, mwadya?" Ndayankha kuti ndadya.

Ndatuluka nalo m'thumba la zogulira ngati wakuba. Pakhomo Amayi anditsina pamkono, kumwetulira kuja kwachepako. "Bambo ako usawauze." Ndiye kuti nawonso akudziwa chomwe achita. Tili m'bwato limodzi, ndipo likulowa madzi.

M'sitima. Thumba pamiyendo. Lamulungu Adadi adzaima pamaso pa jekete lawo, dzanja lidzapita m'munsi muja monga mwa masiku onse, adzapeza fungo la maluwa. Ndi mtima wawo uja!

Pakati pa Liverpool Street ndi Stratford ndakumbukira kachikwangwani kaja. Tiyi. Sandipepa. Chopalira tchizi.

Ngati anthu a mafilimu amatha, ine ndilepherenji? Iwo amapeka. Ine ndikungobwezera zomwe zinalipo.

Ndagula tiyi wakuda paketi yaikulu.

Loweruka

M'mawa. Khitchini yasanduka fakitale.

Zida:

- tiyi, poto wodzaza
- chopalira karoti, cha tchizi tilibe
- dothi la mumphika wa maluwa, koma n'lakuda bii
- ufa wa tsabola wofiira, kuti dothilo lifiire
- mabatani a jekete lakale la bambo a Tadala
- bambo a Tadala eni ake, amene akuti ntchito imeneyi anabadwa nayo

Tiyi wagwira. Wagwira kwambiri. Jekete linali lotuwa, pano ndi la khofi.

Dothi ndi tsabola: mtundu wake ndi womwewo, psuu, Mchinji weniweni! Koma tikuyetsemula mosinthana, ndipo maso akuwawa.

Chibowo. Apa zafika pa mwana wakana phala. Amayi anasoka bwino kwambiri, sindikuona paja panali, ndipo sindikukumbukira kuti linali phewa liti! Ndinaliyang'ana Lachiwiri lomweli, misozi ili m'maso. Ine ndikuti kumanja, bambo a Tadala akuti kumanzere, iwo sanalionepo n'komwe. Tapala kumanja. Chabooka bwino. Potembenuza kuti tione mkati, ulusi wa Amayi uwo, kumanzere.

"Muzakamba ati mawaya yenze yabili," akutero bambo a Tadala.

Tatsegulanso kumanzere. Pano Adadi anathawa m'mawaya awiri.

"Nipaseni, nizaifaka pansi pa basi, one trip chabe." Ndakana. Pali malire.

Talipachika pa chidole kuti liume. Tadala walowa, waima. Wayandikira pang'onopang'ono, foni waiika patebulo. "Mum, is that Agogo's? The actual one?" Mawu omwe ndakhala ndikuwasaka sabata yonse! Ndati eya. Theka n'zoona. Watambasula dzanja, wakhudza mkono wake ndi nsonga za zala. Kenako wayetsemula. "Why does it smell like chicken?"

Ndamutuma kukagula mkaka.

Masana. Kuholo ya tchalitchi kukakonza. M'galimoto chidole chakhala mpando wakutsogolo, ine kumbuyo.

Abusa atiyang'ana tikulowa nacho. Achiyang'ana kuyambira kuphazi mpaka paja panayenera kukhala mutu. "Mayi, chifanizo chopanda mutu m'nyumba ya Mulungu, Lamulungu?" Akulankhula, batani la pachifuwa lathothoka lokha n'kugubuduka pansi, chifukwa jekete la kamnyamata kowonda silingatsekeke pa mayi ameneyu. Chidole chabwerera m'galimoto.

Timagetsi: soketi ndi imodzi, ndi ya kiyibodi ya kwaya. Tachoka pa mndandanda.

Pakati pa holo aikapo matebulo a chakudya. Kutsogolo ndi kwa keke. Latsala katebulo kamodzi pafupi ndi khomo. Ndalipinda jekete bwinobwino, ndaliika pamenepo, ndazunguliza riboni, ndaimika kachikwangwani.

Zotsala pa mndandanda wa Lolemba:

- jekete, pang'ono
- riboni yapinki
- MUSAKHUDZE

Ndabwerera m'mbuyo kuti ndilione patali. Kunena zoona likuoneka ngati chovala chomwe munthu watopa nacho. Koma nkhani yake ndi yomweyo, ndipo mawa ndidzaifotokoza ndekha.

Lamulungu

Mapemphero ayenda bwino kwambiri. Adadi pampando wakutsogolo, suti yatsopano, akumwetulira ngati mkwati. Kwaya yaimba mpaka Azakhali kuimirira n'kululutira. Abusa alalikira nthawi yaitali, koma lero ndawakhululukira.

Potuluka ndathamangira kukhomo la holo. Ndasonkhanitsa achinyamata onse, Tadala patsogolo. Malamulo: mafoni m'matumba, kuyenda pang'onopang'ono, kunong'ona, osakhudza. Ndazimitsa magetsi. Ndatsegula chitseko.

Katebulo kali mbee.

Riboni ili pansi. Kachikwangwani kali pomwepo, chilili. Kameneko palibe wakakhudza.

Ndayatsa magetsi. Pansi pa tebulo, palibe. Kukhitchini, palibe. Ndiye ndakumbukira. Katebulo ka pakhomo! Ndi pomwe anthu amasiya zovala zakale zotumiza kumudzi m'madiramu. Inenso ndasiyapo madiresi a Tadala kambirimbiri! Dzulo panali poyera chifukwa anthu amabweretsa Lamulungu m'mawa, ndipo bambo wa vani amabwera kudzatenga ulaliki uli mkati.

Mayi wa komiti ya madiramu sakuona vuto. "Tinakayika pang'ono, linali lotha kwambiri, mabowo awiri. Koma tinati kumudzi kumazizira mwezi wa Juni." Nanga kachikwangwani? "Tinayesa n'ka keke."

Diramu latsekedwa, vani yapita. Ndaimbira foni bambo wa vaniyo, sakuyankha. Ndaimbanso. Ndasiya uthenga womwe sindikufuna kuukumbukira.

Amayi akuusa moyo, koma ndi mtima wokhutira. "Bola ndinalichapa. Silikatichititsa manyazi." Ine ndi bambo a Tadala tayang'ana pansi.

Palibenso chobisa. Ndagwada pambali pa mpando wa Adadi, keke ili patsogolo pawo, achinyamata aja atiunjirira akudikirabe chiwonetsero. Ndanena zonse: galasi, sopo, mabatani a golide, tiyi, chopalira karoti, tsabola, diramu.

"Tsabola?!" Amenewo ndi Amayi, kumbuyo kwanga. Nkhani imeneyo idzakhala ndi tsiku lake.

Adadi aweramitsa mutu. Akuyang'ana manja awo. Ine ndikuyang'ana pachifuwa pawo, ndikupemphera.

Tadala wagwada nayenso, Chichewa chake chotsimphina chija: "Agogo, linali phewa liti?"

"Lakumanzere," akutero, akugwira. Ayamba kufotokoza za wayayo. Asokoneza mayina a midzi, Amayi awakonza, iwo akana, Azakhali alowererapo kuti onse awiri akunama. Anyamata atatu azembera kumpunga. Ena atsala. Tadala watsala mpaka kumapeto, mpaka pa nsapato imodzi ija.

Kenako Adadi atembenukira kwa mayi wa komiti. "Madiramu amenewa amakathera kuti?"

"Amatsikira ku Lilongwe, bambo, kenako amakagawa m'midzi. Ulendo uno ndi cha ku Mchinji ndi ku Kasungu."

Adadi aseka. Aseka mpaka kutsokomola, mpaka Amayi kuwapatsa madzi, mpaka misozi kutsika, ndipo sindikudziwa kuti misoziyo ndi ya kuseka yokha. Andigwira pamutu monga ankachitira ndili mwana.

"Linatuluka lopanda pasipoti, lilowanso lopanda pasipoti. Lisiyeni lipite, mwananga. Mmodzi wa ife akafike."

Tadula keke.

Madzulo. Kunyumba. Miyendo ikuwawa, m'khitchini mukununkhabe tsabola. Chiwonetsero changa choyamba chatha, ndipo ndi chomaliza. Oonera analipo, chooneredwa panalibe. Ntchito imeneyi ndaisiyira eni magalasi. Ine ndizingogula tikiti n'kukaima pamzere ngati anzanga, manja kumbuyo.

Foni yalira. Bambo wa vani. Wamva uthenga wanga, akupepesa kwambiri. Akuti diramu silinakwere sitima yapamadzi, lili m'nyumba yosungira katundu, akhoza kulitsegula mawa m'mawa n'kundibweretsera chomwe ndikufuna. Ndingomuuza kuti n'chotani.

Ndakumbukira mawu a Adadi aja.

Ndamuuza kuti palibe chomwe ndikufuna. Ndangomupempha kuti alimange bwino diramulo, lisalowe madzi panjira.